Wamasiye wa mu Kanema

"Alamu, chotsani chithunzicho pa thebulo la makolo. Mwini wake ali moyo, si uyo akudya mpunga apoyo."

Suyun analankhula ali chiimire pakhomo, mbale ya ndiwo ili m'manja. Pa kathebulo ka kukhoma, pambali pa zithunzi za apongozi ake amene anatisiya kale, panali chithunzi chatsopano cha mwamuna wake Dehou, chozunguliridwa ndi kansalu kakuda. Amene anachiika anali Degang, mng'ono wake wa Dehou, yemwe anali atabwera kuchokera ku mzinda wa Chengdu mwezi wapitawo ndi mafoni awiri, nyali yozungulira ndi kope la chikuto chofiira.

"Ndi pepala chabe limenelo, alamu," anayankha Degang akutola nyama ndi timitengo todyera. "Khalani pansi ndikulongosolereni. Tajambula makanema khumi ndi awiri. Inu mukuthyola malalanje, mukumwetulira, mukusenda limodzi kuti anthu aone madzi ake. Waonera ndani? Anthu makumi anayi, ndipo theka lake ndi a m'mudzi mommuno, oti ali ndi malalanje awoawo."

"Ndiye tijambule ena abwino."

"Abwino ndi ati? Munthu wa m'tauni amaonera foni ali m'sitima, watopa, chala chili pagalasi. Muli ndi masekondi atatu okha. Mukapanda kumugwira pamtima m'masekondi atatuwo, wapita kwa wina. Mayi womwetulira ndi lalanje alipo m'mudzi uliwonse. Koma mayi wamasiye, kamwana kali pambali, munda wonse utapsa popanda wothyola, ameneyo chala chimaima."

Suyun anaika mbale pa thebulo n'kuyang'ana mwamuna wake. "Bambo a Wenli, mwangokhala chete. Akukuphani muli pompo ndipo inu mukutafuna."

Dehou anameza kaye. Anali munthu wa mawu ochepa, wa manja okhakhala chifukwa cha minga ya mitengo. "Mayi a Wenli, munamuona nokha wogula uja dzana. Analuma lalanje limodzi, n'kutchula mtengo wake akuseka. Chisanu chikagwa zipatso zili m'mitengo, tidzadyetsa nkhumba thukuta la chaka chonse."

"Ndiye mufe?"

"Ndife pa foni pokha. Masabata atatu basi, tikagulitsa ndidzuka."

Degang anaseka mpaka kutsamwa. Suyun sanaseke. Anatenga chithunzicho n'kuchitembenuzira kukhoma, koma sanachichotse, ndipo onse atatu anadziwa tanthauzo lake.

Degang sankachita zinthu mwachisawawa. M'kope lake lofiira kanema aliyense anali ndi tsamba lakelake: mawu oyamba, poima munthu, poima foni, zovala, ndi ola loti kanemayo atumizidwe. Anati sangajambulire m'nyumba yawo ya njerwa, chifukwa inali ndi matailosi ndi firiji. Anasankha nyumba yakale ya makolo kumtunda kwa munda, ya zidina, imene denga lake linali litagwa mbali imodzi. Anasesamo pang'ono, n'kusiya akangaude. Jekete lakale la Suyun analipaka phulusa, ndipo nsapato zatsopano za Wenli, mwana wawo wamkazi wa zaka zisanu ndi zinayi, anati zizitsala kunyumba.

Ankajambula m'mawa nkhungu isanachoke m'chigwa, Wenli asanapite kusukulu. Suyun ankaloweza mawu ake akuphika. Kamaikolofoni ankakabisa mkati mwa kolala, ndipo chiganizo chimodzi ankatha kuchibwereza kasanu ndi kawiri.

"Musayang'ane foni, alamu, yang'anani pansi. Mupume kaye, kenako munene kuti, chichokereni bambo ake. Musafulumire. Achimwene, kwezani bolodilo, kuwala sikukufika pa nkhope. Malemu inu, kodi manja akutopa?"

Dehou ankakweza bolodi loyera lija, ataima kuseri kwa foni, akumvetsera mkazi wake akufotokoza mmene iye anafera pa ngozi ya pamsewu. Wenli ankabisa pakamwa ndi dzanja kuti asaseke. Kwa iye zonsezi zinali sewero ngati la kusukulu.

Kanema woyamba anatumizidwa masana, ola limene anthu a m'maofesi amadya. Pofika madzulo anali ataonedwa ndi anthu ochuluka kuposa a m'boma lawo lonse. Degang ankayenda uku ndi uku pabwalo akuwerenga ndemanga mokweza. Suyun anawerenga zake payekha, atakhala pa mpando wa kukhitchini. Ambiri ankafunsa za malalanje. Koma panalinso amayi ena amene ankalemba zazitali. Mmodzi analemba kuti mwamuna wake anagwa pa nyumba yosanja imene ankamanga chaka chatha, ndipo mpaka pano amaikabe mbale zitatu pa thebulo. "Limba mtima, m'bale wanga," anamaliza motero. "Ine ndekha ndikudziwa zimene ukumva." Suyun anaika foni chafufumimba.

Sabata yachiwiri mudzi wonse unali utalowamo. Mayi Gu, oyandikana nawo, anabwera ndi mazira m'mbale kudzapempha kuti malalanje awo agulitsidwire limodzi. Mabanja ena anayi anatsatira. Degang anavomera onse, n'kuwauza kuti mlendo aliyense akafunsa, Dehou anamwalira m'mwezi wachitatu. Dehou analetsedwa kupita kumsika. Akamadutsa pa msewu wa m'mudzi atavala chipewa chophimba nkhope, amuna anzake ankamukuwira kuti, "Malemu, kumanda kukuzizira bwanji?" Iye ankaseka nawo, koma akafika kunyumba ankakhala nthawi yaitali akuyang'ana manja ake.

Suyun anayamba kuchita mantha ndi zinthu zazing'ono. Dehou akakwera makwerero kukathyola za pamwamba, iye ankagwira makwererowo mpaka zala kuuma. Akaliza njinga yake ya matayala atatu, Suyun ankaima pakhomo mpaka phokoso litabwereranso. Mawu amene ankanena pa foni m'mawa uliwonse ankamutsata tsiku lonse, ngati kuti akuitana chinachake chimene chili m'njira.

Vuto linabwera ndi Wenli. Kope linkati mwana alire, koma mwanayo sankatha. Degang anayesa anyezi, maso anafiira koma pakamwa pankasekabe. Oonera ena anayamba kukayika. Wina analemba kuti mwana wofedwa bambo sakhala ndi masaya otero. Wina anati aonetse manda.

"Loweruka tikuulutsa pompopompo," anatero Degang pa chakudya cha masana, atatsegula kope pakati pa mbale. "Tsiku limenelo ndiye logulitsa, malalanje a mabanja asanu ndi limodzi. Koma tisanafike apo pakufunika kanema mmodzi woti atseke pakamwa anthu okayikawa. Pakufunika misozi yeniyeni."

"Ndilira ineyo," anatero Suyun.

"Yanu anaiona kale. Akufuna ya mwana."

"Mwanayo sadziwa kunama, ndipo sindikufuna kuti aphunzire. Mwatenga nsapato zake, mwatenga tulo take ta m'mawa. Zakwana."

"Alamu, kodi mukuganiza kuti ena amatani? Ku Chengdu ndinagwira ntchito ndi anthu amene amajambula zoterezi tsiku ndi tsiku. Mwana amalira mphindi zisanu, kenako amugulira switi, mawa waiwala."

"Ameneyo ndi mwana wa eni. Uyu ndi wa achimwene anu. Amakutchulani bambo aang'ono." Anatembenukira kwa mwamuna wake. "Bambo a Wenli, nenani kanthu."

"Tiona njira ina," anatero Dehou osadzutsa mutu.

Lachinayi Degang anapempha Suyun kuti apite ku tauni kukatenga makatoni olongedzera. Anati iye ali ndi ntchito yodula makanema, ndipo Dehou sangaoneke kumsika. Suyun anakwera basi ya m'mawa. Makatoni anawapeza msanga, mwini sitolo n'kulonjeza kuwatumiza pa galimoto, choncho anabwerera ndi basi ya masana m'malo mwa ya madzulo.

Atatsika pa mlatho anamva kulira. Kunkachokera kumtunda, ku nyumba yakale. Sikunali kulira kwa mwana amene wagwa kapena wamenyedwa. Anataya thumba n'kuyamba kuthamanga m'kanjira ka m'munda, nthambi zikumukwapula kumaso.

Anapeza Wenli akugubuduka pa dothi, chikwama cha kusukulu chikadali kumsana, Mayi Gu atagwada pambali pake akumugwira mapewa. Mwanayo ataona mayi ake anakwawa n'kuwagwira miyendo.

"Amayi, abambo agwera mumtsinje ndi njinga. Akuti afa. Akuti afadi tsopano."

Suyun anagwa chogwada, dziko likuzungulira. Chinthu chimene ankachiopa masabata onsewa chinali chitafika, ndipo anachiitana yekha ndi pakamwa pake. Anakumbatira mwanayo, mawu amene anatuluka kukhosi kwake sanawazindikire. Anafuna kufunsa kuti pati, ndani wamuona, kodi amuvuula. Atadzutsa mutu kuti afunse, anaona foni itaima pa miyendo yake itatu pansi pa mtengo. Degang anali atanyamula inayo, atawerama, akuyandikira pang'onopang'ono. Ndi dzanja linalo ankamukodola kuti apitirize.

"Degang," anatero Suyun motsitsa, kwa nthawi yoyamba kumutchula dzina. "Amuna anga ali kuti?"

Degang anadikira masekondi angapo, kenako anatsitsa foni. "Basi, zakwana. Achimwene, tulukani."

Chitseko cha khola lakale la mbuzi chinatseguka. Dehou anatuluka, udzu uli pa jekete, nkhope itanyowa. Anali atamva zonse kuseri kwa matabwa. Anayenda molunjika kwa mwana wake manja atatambasula.

"Wenli, ndine pano. Inali nthabwala ya bambo aang'ono. Taona, ndili bwinobwino."

Wenli analeka kulira nthawi yomweyo. Sanathamangire kwa bambo ake. Anawayang'ana kuyambira kumapazi mpaka kumutu, kenako anayang'ana Mayi Gu, kenako bambo ake aang'ono, kenako amayi ake. Anabwerera m'mbuyo mpaka msana unagunda khoma, n'kukhala pansi.

Madzulo amenewo sanadye ndipo sanalankhule. Anangotsatira bambo ake kulikonse, atagwira m'mphepete mwa jekete lawo. Dehou akalowa m'bafa, iye ankaima pachitseko atatsamiritsa khutu.

"Mufafanize," Suyun anauza Degang kukhitchini. "Mufafanize ndikuona."

"Alamu, mtima ukhale pansi. Zachitika kale. Mwana walira kale, ndiye misozi imeneyo ipite pachabe? Ndaonera. Sindinajambulepo chinthu chotere chibadwire. Pamene mukugwa paja, palibe munthu angakayike."

"Ndinagwa chifukwa ndimayesa kuti achimwene anu afa."

"N'chifukwa chake zikuoneka zoona."

Suyun anamuyang'ana ngati munthu amene sanamuonepo. Kenako anapita kwa mwamuna wake, amene anali atakhala pa khonde, Wenli atatsamira pa bondo lake.

"Munadziwa," anatero monong'ona.

"Anati mphindi ziwiri zokha."

"Ndipo inu munakhala m'khola mukuwerenga mphindizo, mwana akukuitanani."

"Ndinafuna kutuluka. Ndinagwira chitseko kawiri." Anasisita mutu wa mwanayo. "Ndinaganiza za mabanja enawo. Athyola kale, mayi a Wenli. Zipatso zili m'madengu."

Lachisanu masana Degang anatumiza kanemayo osauza munthu. Suyun anadziwira kwa Mayi Gu, amene anabwera akuthamanga kudzanena kuti dziko lonse likulira nawo. Tsiku limenelo Wenli sanapite kusukulu. Aphunzitsi ake anaimba foni kawiri, ndipo Suyun sanayankhe chifukwa sanadziwe choti anene. Anamuphikira mwanayo dzira lofewa limene amalikonda, nalo linazizirira m'mbale. Atamufunsa ngati mutu ukupweteka, Wenli anangopukusa mutu, maso ali pa bambo ake.

Loweruka pofika ola lachinayi masana, pabwalo la nyumba yakale panali patadzaza madengu. Anthu a mabanja onse anaima kuseri kwa foni, atauzidwa kuti asatsokomole n'komwe. Degang anali atakonza zonse: thebulo lothyoka mwendo, malalanje ataunjikidwa pamwamba, nyali, chithunzi cha Dehou chili pa mpando kumbuyo. Mawu a Suyun anawalemba pa katoni ndi zilembo zazikulu. Choyamba athokoze, kenako afotokoze za dzana, kenako asende lalanje, mwana ali pambali pake.

"Anthu akudikira kale, ochuluka zedi," anatero Degang. "Alamu, khalani apa. Wenli, bwera ukhale ndi amayi. Achimwene, inu kuseri."

Wenli sanasunthe. Anali atakulunga jekete la bambo ake m'nkhonya zonse ziwiri.

"Pita kwa amayi," anatero Dehou. "Ndiima pomwepa, uzindiona."

Mwanayo anapukusa mutu. Degang anayang'ana nthawi, n'kudina foni. "Tayamba," ananong'ona. "Alamu, yambani kuthokoza, ndikumubweretsa."

Suyun anayang'ana pagalasi. Anaona nkhope yake, jekete la phulusa, ndi timawu tambirimbiri tikukwera mofulumira. Anthu ankafunsa za mwana, ngati wadya, ngati wagona. Anayamba kuwerenga pa katoni. "Ndikuthokoza nonse amene mwaima nafe." Koma maso ake anapita kumbali. Degang anali atagwada, akumasula zala za Wenli pa jekete, chimodzichimodzi. Akamasula chachitatu, choyamba chinkagwiranso. Mwanayo sankalira. Ankanjenjemera thupi lonse, pakamwa pali yasa, popanda mawu. Dehou anali atayang'ana kumwamba.

Suyun anaimirira. Mpando unagwa kumbuyo kwake. Anazula foni pa miyendo itatu ija n'kuitembenuza.

"Awa ndi amuna anga," anatero. "Dzina lawo ndi Ran Dehou. Sanafe, sanachitepo ngozi. Uyu wagwadayu ndi mng'ono wawo, ndiye amalemba zimene ndimanena. Nyumba iyi sitigonamo. Dzana mwana wanga anauzidwa kuti bambo ake afa n'cholinga choti alire, ndipo chiyambire tsiku limenelo sanalankhule. Ine ndinavomera bodza loyamba, choncho mlandu ndi wanganso. Amayi inu amene munandilembera za amuna anu, ndilibe mawu. Malalanje okha ndiwo enieni."

Degang anamulanda foni n'kuizimitsa. Kenako Mayi Gu anakhala pansi pa dengu lawo n'kuyamba kulira, ndipo amuna awo anafunsa Dehou ngati m'nyumba mwake mulibe mwamuna.

"Mwatipha tonse, alamu," anatero Degang. "Ola limodzi lokha. Mukanapirira ola limodzi."

Suyun ananyamula Wenli, koma mwanayo sanasiye jekete, choncho Dehou anayenera kuyenda nawo limodzi. Anatsika motero m'kanjira ka m'munda, atatu atagwirana, anthu akuwapatukira.

Tsiku lomwelo tsamba lawo la pa intaneti linatsekedwa ndipo onse amene anaitanitsa malalanje anabweza mawu. Lolemba kunabwera anthu awiri a boma amene anafunsa mafunso m'mawa wonse n'kutenga kope lofiira. Degang anapita nawo, ndipo atamumasula patapita masiku sanabwererenso kumudzi. Wogula wakale uja anabwera n'kutenga zipatso zabwino zokha pa mtengo umene anafuna. Zotsala zinayamba kugwa zokha, ndipo fungo la malalanje owola linadzaza chigwa. Amayi a m'mudzi ankati akaona Suyun ku sitolo, nkhani inkatha. Mayi Gu anatumiza mwana kudzatenga mbale yawo ya mazira.

Wenli anayambanso kulankhula patatha masiku asanu ndi anayi, mawu amodziamodzi, kwa amayi ake okha. Dokotala wa ku tauni anati zitenga nthawi, asamukakamize, ndipo asamunamizenso ngakhale pa kanthu kakang'ono. Sabata yotsatira anavomera kubwerera kusukulu, koma atafika pa geti anaima.

"Abambo akhale apa," anauza amayi ake, akuloza mwala wa pafupi ndi geti, umene umaonekera pa zenera la kalasi yake.

"Abambo ali ndi ntchito kumunda, mwanangu."

Dehou anayang'ana mwalawo, n'kuyang'ana mwana wake. Kenako anapukuta mame ndi dzanja n'kukhalapo.

"Mpaka nthawi yanji?" anafunsa.

Wenli analowa akucheuka masitepe atatu aliwonse. Suyun anadikira mpaka anaona kankhope pa zenera, kenako anatenga lumo lodulira nthambi m'thumba la mwamuna wake n'kupita kumunda yekha. Masana anabwera ndi mpunga m'kabokosi. Anamupeza Dehou akadali pa mwala pomwepo, manja ali m'khwapa chifukwa cha kuzizira, osayerekeza n'komwe kudzuka kukawongola miyendo.